Apivar, Apiguard kapena asidi: tiike chiti m'ming'oma tikatha kufula uchi?

NaNjuchi wa ku Leeds

Moni nonse, akuluakulu. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhalitsa pa ulimi wa njuchi, makamaka amene muli kuno ku Britain. Ndili ndi ming'oma iwiri ya mtundu wa National kudimba limene ndimabwereka ku khonsolo, ndipo pano tili kumayambiriro kwa Ogasiti, nthawi imene anthu akuchotsa mabokosi a uchi ndi kuyamba kuika mankhwala a varroa, tinkhupakupa timene timagwira njuchi ndi ana ake. Sabata yathayi ndinalowetsa thabwa loyera kunsi kwa sefa ya mng'oma uliwonse kuti ndiwerenge tinkhupakupa timene tikugwa tokha. Mng'oma umodzi ukugwetsa tochepa, koma winawo ukugwetsa toposa 40 pa tsiku, ndipo pakhomo pake ndaonapo njuchi zingapo zikukwawa pansi, mapiko ali okwinyika, mimba zili zazifupi, zosatha kuuluka.

Chimene chandisokoneza ndi chakuti ku bungwe lathu la alimi a njuchi aliyense akunena zake. Ena akuti ndigule Apivar basi, ena akuti Apiguard ndiye wabwino chifukwa ndi wochokera ku zomera, pamene ena akuti iwo anasiya zonsezi ndipo amangofukiza asidi wa oxalic. Kodi mankhwala amenewa amasiyana pati kwenikweni, ndipo pa mng'oma wofika pamenepa inu mukanasankha ati?

Funso lachiwiri ndi la kumudzi. Achimwene anga ku Rumphi ali ndi ming'oma ya matabwa, ija yoyala timitengo pamwamba, ndipo atamva kuti kuno timathira mankhwala chaka chilichonse andipempha kuti ndidzawatengere ndikamapita pa Khirisimasi. Kodi ndi chanzeru kuwatengera?

Mlimi wa ku Norwich

Mayi, mwachita bwino kuyamba mwawerenga musanagule kanthu. Malangizo a National Bee Unit, nthambi ya boma yoona za umoyo wa njuchi, amati kuyambira Meyi mpaka Ogasiti muzichulukitsa ka 30 chiwerengero cha tinkhupakupa togwa pa tsiku kuti muyerekeze tonse timene tili mumng'oma, ndipo amachenjeza kuti tisapitirire 1,000. Mng'oma wanu wachiwiriwo wadutsa kale 1,200, ndiponso mapiko okwinyikawo ndi chizindikiro chakuti vairasi imene tinkhupakupati timafalitsa yayamba kuwononga ana. Uchi chotsani sabata ino, musadikirenso kuti bokosi lidzaze.

Kuti muone pamene mankhwalawa amasiyanirana, yambani mwadziwa kumene mdaniyu amabisala. Kankhupakupa kakakazi, kofiirira, kochepa ngati njere ya chitowe, kamalowa m'chibowo cha chisa mphutsi ya njuchi itatsala pang'ono kumatiridwa, ndipo kamaikira mazira mkati momwemo, loyamba la kakamuna, otsatirawo a takazi. Mwana wa njuchi yantchito amakhala womatiridwa masiku 12, pamene wa njuchi yamphongo amatha masiku 14 kapena kupitirira, n'chifukwa chake tinkhupakupati timathamangira kwa ana amphongo, kumene timakhala ndi nthawi yoswana tambiri. Kale tinkaphunzitsidwa kuti timayamwa magazi a njuchi, koma kafukufuku wa Samuel Ramsey ndi anzake wa mu 2019 anaonetsa kuti makamaka timadya chiwalo chimene njuchi imasungiramo mafuta ndi zakudya, chomwe ndicho imadalira kuti ipirire chisanu ndi kulimbana ndi matenda. Tsono njuchi zimene zidzasunge mng'oma wanu mpaka Malichi zimaleredwa kuyambira kumapeto kwa mwezi uno mpaka Okutobala, ndipo zikabadwa zitadyedwa kale, mng'oma umafa mu Januwale kapena Febuluwale ngakhale chakudya chili chodzaza. Nyengo ino tinkhupakupa tambiri tili kunsi kwa phula lomata ana, kumene mankhwala ambiri safikako. Choncho mankhwala aliwonse ayenera kuchita chimodzi mwa zitatu: kulowa mpaka mkati mwa chibowo, kukhalitsa mumng'oma mpaka ana onse ataswa, kapena kuikidwa nthawi imene ana omatiridwa kulibe.

Apistan ndi Bayvarol ndi mankhwala amene tinkadalira varroa itapezeka ku Devon, kuno ku England, mu 1992, koma pofika mu 2001 zinatsimikizika kuti tinkhupakupa ta kuno tayamba kusafa nawo, ndipo popeza mankhwala awiriwa ndi a banja limodzi, tikazolowera amodzi tazolowera onse. Pa mng'oma wodwala ngati wanu musayese mwayi ndi amenewa.

Apivar ndi timapulasitiki tokhala ndi mankhwala otchedwa amitraz, timene mumalendewetsa tiwiri pakati pa mafelemu a ana. Njuchi zimadzikhuza pa timapulasitikiti n'kufalitsa mankhwala mumng'oma wonse, kotero sadalira kutentha kwa kunja, ndipo amakhalamo masabata 6 mpaka 10, kudikirira kankhupakupa kalikonse kuti katuluke ndi mwana amene kanalowa naye. Pakakhala ana ambiri, monga mmene zilili mu Ogasiti, asiyeni masabata 10 onse. Pakati pa nthawiyo mutsegule, mupale phula ndi utomoni zimene njuchi zamata pa timapulasitikito, ndipo mutisunthire pamene ana afika, chifukwa malo a ana amachepa ndi kusuntha pamene nyengo ikupita. Nthawi ikakwana chotsani, musatisiye mpaka chaka chamawa, pakuti mankhwala ofooka okhalitsa mumng'oma ndiwo amaphunzitsa tinkhupakupa kupirira.

Apiguard ndi phala la mankhwala a fungo lamphamvu otchedwa thymol, m'kambale ka magalamu 50. Mumaika kamodzi pamwamba pa mafelemu kwa masabata awiri, kenako kachiwiri, ndipo pamafunika kampanda kokweza chivundikiro kuti njuchi zizifika pa kambaleko, komanso kutseka sefa ya pansi kuti fungo lisathawe. Amagwira ntchito kunja kukamatentha kuposa madigiri 15, ndipo apa ndi pamene ndimakayikira pa nkhani yanu, chifukwa mukayamba pakati pa Ogasiti mudzamaliza chakumapeto kwa Sepitembala, pamene kwanuko ku Yorkshire kumakhala kutayamba kuzizira. Nthawi zina mfumukazi imaleka kuikira chifukwa cha fungolo, ndipo njuchi zimazengereza kumwa madzi a shuga amene mwazipatsa. Pa mng'oma wanu woyamba uja angakwanire, koma ine ndikanaika Apivar monse muwiri tsiku limodzi, chifukwa ming'oma yoyandikana imaberana uchi ndi kupatsirana tinkhupakupa, makamaka umodzi ukayamba kufooka.

Asidi wa oxalic ndi wamphamvu kwambiri, koma amangopha timene tili pa matupi a njuchi zazikulu. Nthawi yake ndi ya chisanu, mfumukazi italeka kuikira, pamene kankhupakupa kalibe pobisala. Za kumudzi ndisiyira amene akuzidziwa bwino.

Wa ku Grabouw

Achemwali, ine ndiyankha funso lachiwirilo, popeza ndimagwira ntchito ndi njuchi kuno ku Western Cape, kumene timanyamula ming'oma usiku kupita nayo m'minda ya maapulo ndi mapeyala nthawi ya maluwa. Yankho langa ndi lakuti musawatengere achimwenewo mankhwala.

Varroa inapezeka kuno ku South Africa mu 1997, ndipo anthu anachita mantha kuti njuchi zitha monga zinachitikira ku Ulaya ndi ku America. M'zaka zoyamba ming'oma ina inafadi, ndipo ina inkapezeka ndi tinkhupakupa tochuluka zedi. Koma njuchi zambiri za dziko lino ndi zam'tchire, zokhala m'mapanga ndi m'mphako, zimene palibe akanazithira mankhwala, ndipo alimi ambiri amapeza njuchi zawo potchera mabokosi kuti magulu am'tchirewo alowemo. Kafukufuku wa Mike Allsopp, katswiri wa njuchi wa ku Stellenbosch, anapeza kuti njuchi za ku Cape zinayamba kupirira patapita zaka 3 mpaka 5, ndipo za kumtunda, za mtundu wa scutellata umene umapezekanso kwathu ku Malawi, patapita zaka 6 mpaka 7. Lero tikatsegula mng'oma tinkhupakupa timationa ndithu, koma alimi ambiri kuno sathira kanthu. Ku Kenya nako varroa inapezeka mu 2009, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2014, wa akatswiri a bungwe lofufuza za tizilombo la icipe ku Nairobi pamodzi ndi a Penn State University, anapeza kuti yafalikira m'madera ambiri koma sikuoneka kuti ikugwetsa ming'oma, ndipo analangiza alimi kuti asayambe mankhwala.

Zifukwa zake zimaoneka ndi maso kwa munthu wogwira njuchi za ku Africa tsiku ndi tsiku. Zimafulumira kuzindikira chibowo chimene muli kankhupakupa, kuchimatula ndi kutaya mwanayo kankhupakupa kasanaswane. Zimagawikana kawirikawiri, ndipo chakudya chikasowa kapena zikasautsidwa zimangosamuka zonse, kusiya zisa ndi ana, motero tinkhupakupa tambiri timatsala m'mbuyo n'kufa. Khalidwe losamukali, limene alimi a kwathu amadandaula nalo chaka ndi chaka, ndi limodzi mwa zinthu zimene zikuzipulumutsa. Ana a njuchi za ku Cape amakhalanso omatiridwa nthawi yaifupi kuposa a ku Ulaya, choncho ana a kankhupakupa ena sakhwima.

Mukayamba kuthira mankhwala pa njuchi zotere, mumasunga mabanja ofooka amene akanafa, njuchi zawo zamphongo n'kumakwatira mafumukazi a m'dera lonse, ndipo mlimi amalowa m'ngongole ya chaka ndi chaka imene sanali nayo. Musandimve molakwa: zimenezi sizikutanthauza kuti inu ku Leeds musiye mankhwala. Njuchi zanu ndi zina, chisanu chanu ndi chachitali, ndipo mng'oma umene mwafotokozawo sungadikire kuti uphunzire kupirira.

Mayi wa ku Perthshire

Ndikugwirizana ndi bambo a ku Norwich pa zambiri, koma pa kudalira Apivar ndili ndi mawu. Zimene zinachitikira Apistan zikhoza kuchitikiranso amitraz, ndipo ku France ndi ku United States kwapezeka kale tinkhupakupa tosafa nayo bwinobwino. Mlimi amene amaika Apivar chaka chilichonse osasinthako, n'kumangokhulupirira kuti wagwira ntchito, akudziika pangozi iye mwini ndi anansi ake. Chaka chino ikani, chifukwa mng'omawo wafika poipa, koma chaka chamawa musinthe, ndipo mukachotsa timapulasitikito muwerengenso. Thabwa la pansi limanamiza nthawi zina, popeza nyerere ndi tizilombo tina timatola togwato. Njira yodalirika ndi kutapa theka la kapu ya njuchi pa felemu ya ana, zomwe zimakhala pafupifupi 300, mutatsimikiza kuti mfumukazi mulibe, n'kuzitsuka mu spiriti kapena kuzigubuduza mu shuga wosalala wa makeke. Mukapeza tinkhupakupa 9 kapena kuposa, kutanthauza 3 pa njuchi 100 zilizonse, ndiye kuti ntchito sinathe.

Asidi wa formic ndiye sanatchulidwe, chonsecho ndi yekhayo mwa onsewa amene nthunzi yake imalowa kunsi kwa phula n'kupha tinkhupakupa mkati mwa zibowo. Amagulitsidwa m'dzina la MAQS ndi Formic Pro, ndipo ntchito imatha m'masiku 7 okha. Kwa ife amene timapita ndi ming'oma kumapiri mu Ogasiti kukatsata maluwa a tizitsamba totchedwa heather, n'kubwerako mu Sepitembala kutazizira kale moti thymol sangathandize, sabata imodzi ya formic tisananyamuke ndi yamtengo wapatali.

Komabe asidi ameneyu ndi waukali. Amafuna kuti kunja kukhale pakati pa madigiri 10 ndi 29.5, khomo la mng'oma likhale lotsegula lonse kuti mpweya uziyenda, ndipo banja la njuchi likhale lamphamvu. Masiku atatu oyamba mumapeza njuchi zakufa pakhomo, zina zitaunjikana kunja kwa bokosi kuthawa fungo, ndipo nthawi zina mfumukazi imafa kapena njuchi zimaipha zokha. Mfumukazi ikatayika mu Juni mukhoza kulera ina, koma ikatayika kumapeto kwa Ogasiti nkhani imavuta, chifukwa njuchi zamphongo zimakhala zikuthamangitsidwa m'ming'oma. Ndicho chifukwa chake sindingakulangizeni formic pa mng'oma umene wafooka kale. Pa nkhani yosiya mabokosi a uchi pamwamba, werengani pepala la m'paketi.

Chinanso chimene sichilira ndalama ndi cha mu Epulo ndi Meyi. Ikani felemu yaifupi m'bokosi la ana, njuchi zidzamanga kunsi kwake chisa cha ana amphongo, ndipo chikangomatidwa mudule n'kutaya pamodzi ndi tinkhupakupa tonse talowamo. Chofunika ndi kusaiwala tsiku, chifukwa mukachedwa anawo n'kuswa, mwaweta tinkhupakupa ndi manja anu.

NaNjuchi wa ku Leeds

Zikomo kwambiri nonse. Ndaitanitsa Apivar wa ming'oma yonse iwiri, ndipo achimwene ndiwafotokozera zimene bambo a ku Grabouw anena. Chatsala ndi cha oxalic. Anzanga ena amagula ufa wake m'sitolo ya zipangizo, uja woyeretsera matabwa, popeza ndi wotsika mtengo, ndipo ena amafukiza kangapo motsatizana ngakhale ana alipo. Kodi zimenezi ndi zololedwa, ndipo mu Disembala ndidzadziwa bwanji kuti ana kulibe popanda kutsegula mng'oma kunja kukuzizira?

Mlimi wa ku Norwich

Mayi, kuno njuchi zimawerengedwa ngati ziweto zotulutsa chakudya, choncho chololedwa kuika mumng'oma ndi chokhacho chimene a Veterinary Medicines Directorate, nthambi ya boma yoona za mankhwala a ziweto, anavomereza, monga Api-Bioxal, Oxuvar kapena VarroMed. Ufa wa m'sitolo ya zipangizo suli m'gulu limeneli. Lamulo limafunanso kuti mulembe dzina la mankhwala, nambala ya paketi, kumene munagula, tsiku loika ndi mng'oma wake, ndipo zolembazo muzisunge zaka 5.

Api-Bioxal amaikidwa m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kusungunula magalamu 35 mu theka la lita ya madzi a shuga, n'kudontheza mamililita 5 mumpata uliwonse wa mafelemu umene muli njuchi, madziwo ali ofunda pang'ono. Njira imeneyi ndi ya kamodzi kokha pa chisanu chonse, chifukwa njuchi zimamwako ndipo kubwereza kumazivulaza. Yachiwiri ndi kutenthetsa magalamu 2.3 pa kachitsulo kolowetsa pakhomo kuti asanduke utsi, ndipo apa simutsegula mng'oma, koma muyenera kuvala chophimba kumaso chenicheni chosefa asidi ndi magalasi, chifukwa utsiwo umawononga mapapo. Kansalu ka pakamwa sikateteza. Kufukiza mobwerezabwereza ana alipo ndi kuyesa kukwirira chilema cha asidiyu chosafika kunsi kwa phula, ndipo musanatsanzire aliyense onani ngati pepala la mankhwala anu likuloleza.

Ambiri amadikira mpaka Khirisimasi itapita, koma nthawi imeneyo mafumukazi ena amakhala atayambanso kuikira. Kawirikawiri mpata wabwino umapezeka kumapeto kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Disembala, kukazizira motsatizana kwa masabata angapo. Lowetsani thabwa lija lili loyera, mulisiye masiku ochepa, kenako muone zinyenyeswa zimene zagwa m'mizere. Zoyera kapena zachikasu chowala ndi phula la uchi umene njuchi zikumatula kuti zidye, koma zoderako, zofiirira, ndi zomatira za ana amene akuswa. Zoderazo zikaleka kugwa, thirani sabata yomweyo.

Mlimi wa ku Nkhata Bay

Ndawerenga zonse, ndipo ndikufuna kuwonjezera za kuno kwathu kuti mayi mukawauze achimwene anuwo. Zimene zimatithera ming'oma kuno ndi linthumbu, chiuli, njenjete zodya phula m'ming'oma yofooka, moto wa tchire, kudula mitengo ya maluwa, ndi kufula mosasiyira njuchi chakudya. Munthu amene ali ndi ndalama yoti agulire mankhwala a kunja, ndi bwino aigulire waya wopachikira ming'oma ndi girisi wopaka pa wayayo kuti nyerere zisadutse.

Chimene ndikuopa kwambiri ndi chakuti anthu akamva kuti amitraz amapha varroa, adzakumbukira kuti mankhwala ena osambitsira ng'ombe ali ndi amitraz yemweyo, n'kuyamba kunyika tinsanza kapena timakatoni m'menemo ndi kuponya mumng'oma. Mlingo wake palibe angaudziwe, njuchi zikhoza kufa kapena kuthawa, ndipo m'ming'oma yathu yoyala timitengo mulibe bokosi la uchi lapadera loti muchotse monga mumachitira kumeneko. Zisa za ana ndi za uchi zili m'chipinda chimodzi, ndipo pofula timafinya chisa chonse. Chilichonse choikidwamo chimathera mu uchi umene ana athu amadya ndi m'phula limene timagulitsa, pamene chimene ogula amakondera uchi ndi phula la m'nkhalango zathu n'chakuti mulibe mankhwala.

Achimwenewo akafuna kudziwa ngati ali ndi varroa, asadalire kuyang'ana pamsana pa njuchi, chifukwa pali kachilombo kena kotchedwa braula, kofiirira komanso kochepa chimodzimodzi, kamene kamakonda kukwera pa mfumukazi n'kumaba chakudya pakamwa pake, ndipo sikavulaza kwenikweni. Braula ali ndi miyendo 6 yoonekera m'mbali ndipo amathamanga, pamene varroa ili ndi miyendo 8 yobisika kunsi kwa thupi lophwatalala, lotambalala m'mbali kuposa kutalika kwake. Njira yosavuta ndi ya nthawi imene njuchi zikulera ana amphongo: madzulo, atafukiza utsi, atulutse chisa chimene chili ndi zibowo zikuluzikulu zotukuka pamwamba, amatule zingapo ndi foloko kapena minga, asolole anawo n'kuwaika pa mbale. Ana amakhala oyera mbee, kotero kankhupakupa kofiira kamaonekera pomwepo. Akapeza tochepa koma njuchi zili zambiri, zikulowa ndi mungu, ndipo palibe za mapiko okwinyika pakhomo, atseke mng'omawo ausiye. Akapeza tambiri pamodzi ndi njuchi zolumala, aike anawo m'kabotolo ka spiriti apite nako kwa alangizi a zaulimi kapena a zankhalango a m'dera lawo, ndipo mng'oma umenewo asaugawe kapena kusamutsira zisa zake ku ming'oma ina.